Benchi la Adada Pakhomo la Chidikiro

Ine kwathu ndi ku Mulanje, ndipo akwathu sitisunga mawu m'mimba. Boma litanditumiza kukagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba pa chipatala china chaching'ono cha kufupi ndi Wenya, mayi anga anandilangiza kuti ndikafika kwa eniake ndizikayamba ndamvetsera ndisanatsegule pakamwa. Ndinavomera bwinobwino, koma malangizowo ndinawaiwala m'basi tisanafike n'komwe pa Karonga.

Chimene chinkandiwawitsa mutu pa chipatalapo chinali chidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera ochokera kutali amadzagonamo masiku awo akayandikira. Chathucho chinali chokongola ndithu: njerwa zootcha, malata, magetsi a sola, mabedi ndi maneti ake, khichini ndi bafa chapambali. Koma amayi ankachizemba ngati muli njuchi. Mwa apo ndi apo kunkabwera mmodzi wa mbali ya kumsewu, n'kugona pang'ono, n'kutopa ndi kukhala yekhayekha, n'kubwerera kwawo. Koma a kutsidya kwa mtsinje, amene nyumbayo inamangidwira iwowo, sankaponda ngakhale pakhonde. Kusikelo ankabwera, poti khomo la sikelo linali kumunsi, mbali ina ya chipatala. Ukawauza za chidikiro, ankawerama n'kuti, “Enya anesi, tizenge,” kunena kuti inde tibwera. Osabwera.

Mwa amayi onsewo, panali mmodzi amene ankandisowetsa mtendere. Anali wa kutsidya, wochepa thupi, wosayankhulayankhula. Mimba yake yoyamba anachirira kunyumba mvula itadzaza mtsinje, ndipo anataya magazi ambiri. Madzi ataphwa anabwera naye pa machira milomo ili mbuu, ndipo ndinamugwira ndine ndi manja angawa. Tsopano anali ndi pakati pena, ndipo masiku ake ankagwera m'nyengo ya mvula yoyamba. Mtsinje uja ulibe mlatho, ukakwiya suwolokeka. Ine chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi, kuti mayi ameneyu akhale tsidya lathu madzi asanabwere.

Apongozi ake aamuna tinali nawo pachipatala pomwepo. Anali mkulu wa imvi, wapampando wa komiti ya chipatala, ndipo tonse tinkangowatcha adada. Kalekale mwana wawo wamkazi anamwalirira pa machira m'mbali mwa mtsinje womwewo, akudikira kuti madzi aphwe. Ndi iwo anapereka malo a chidikiro, ndi iwo anatsogolera anthu kuumba njerwa. Nyumba itatha anakhoma benchi la matabwa, n'kuliika pakhomo penipeni, n'kumakhala pamenepo kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, popanda wowatuma kapena wowalipira. Ankasesa pabwalo, kuthamangitsa mbuzi, kupukuta sola. Ine ndinkawakonda adada aja, ndipo ndikuwakondabe.

“Adada,” ndinkatero ine, “mkamwana wanu yemweyu akukukanikani?” Mkamwana ndi mmene kumeneko amatchulira mkazi wa mwana wako.

“Anesi, uthenga ndimatuma kudzera kwa mwamuna wake,” ankayankha choncho. “Yankho limabwera lakuti enya. Nanga ndichitenso chiyani?”

Tinayesa zambiri, abale. Bambo wa zomangamanga wa ku khonsolo, munthu wa ku Ntcheu wokonda nsapato zonyezimira, anadzapakanso penti n'kuwonjezera zenera. Mlangizi wa zaumoyo, mbadwa ya komweko, anazungulira midzi ndi chimkuzamawu mpaka mawu kusasa. Ine ndinakalipira azibambo pa sikelo mpaka ena anayamba kundithawa pamsika. Adada nawo anawonjezera ulonda, chakudya chamasana n'kumadyera pabenchi pomwepo. Nyumba ili zii.

Ndiye bungwe limene linathandiza malata linatitumizira mlendo. Anafika pa kabaza wa njinga yamoto kuchokera ku Boma, fumbi mpaka m'nsidze, kachikwama kumsana. Anali mayi wa ku Lilongwe, wamng'ono kwa ine, ndipo anati ntchito yake ndi dizayina. Ndinamufunsa ngati amajambula mapulani a nyumba. Anati ayi, iye amathandiza anthu a ntchito zosiyanasiyana kukonza zinthu kuti zigwirizane ndi amene akuzigwiritsa ntchito.

“Chabwino, achemwali,” ndinatero ine. “Ndiye mwatibweretsera chiyani?”

“Sindinabweretse kanthu. Ndabwera kuti tipeze limodzi vuto.”

Ha! Ndinaseka mpaka kugwira m'chiuno. “Vutolo tinalipeza kalekale. Ndi ilo apo, lapakidwa penti. Nyumba ilibe anthu.”

“Anesi,” anatero mofatsa, “munthu akabwera thupi likutentha, mumangomupatsa mankhwala a malungo musanamuyeze?”

Ndinangopita kukaitana anzanga aja, koma osati chifukwa chogonja.

Anatisonkhanitsa m'chipinda chochezera cha m'chidikiro momwemo, poti malo analipo ambiri: ine, bambo wa zomangamanga, mlangizi ndi adada. Anapatsa aliyense kapepala n'kuti tilembe vuto, aliyense payekha, osaonerana. Ine ndinalemba kuti azibambo sakulola akazi awo. Wa zomangamanga analemba kuti palibe mlatho. Mlangizi analemba kuti amayi sangasiye minda nthawi yodzala. Adada anandinong'oneza kuti ndiwalembere, maso awo anali atayamba kuvuta, ndipo anati amayi akuopa akuba ndi mdima. Mayi uja anamata timapepalato pakhoma, n'kubwerera m'mbuyo, n'kumatiyang'ana.

Aaa, mkangano umene unabuka pamenepo! Ndinafunsa wa zomangamanga kuti mlathowo ukusowa bwanji nthawi ya chilimwe, pamene amayi omwewo amawoloka kubwera ku sikelo madzi ali m'mapazi. Iye anandibwezera kuti ngati azibambo ali oipa choncho, bwanji amawaperekeza akazi awo ku sikelo. Tonse awiri tinatembenukira mlangizi n'kumufunsa kuti nanga amene masiku awo amakwana m'nyengo yozizira, kumunda kulibe ntchito, amaletsedwa ndi chiyani. Adada okha sitinawatsutse. Ndani akanayerekeza?

“Zaka zonsezi mwakhala mukugwira ntchito molimbika,” anatero mayi uja, “koma aliyense amachiza matenda akeake.”

Kenako anatiikira lamulo limene linandikwiyitsa kwambiri. Anati kufikira titagwirizana pa chiganizo chimodzi chonena vuto, wina asatchule njira yothetsera. Wina asanene kuti timange, tigule, tilengeze, tiwaopseze. Ine ndinaloza pazenera. Mitambo inali itayamba kuunjikana kumapiri, madzulo aliwonse kukumveka kugunda chapatali.

“Achemwali, mvula siwerenga ziganizo,” ndinatero. “Ndili ndi mayi kutsidya amene akhoza kufa. Inu mukuti tizisewera ndi timapepala?”

“Ndikudziwa,” anayankha. “N'chifukwa chake sindikufuna kuti tiphonyenso.”

Masiku otsatira sindinamvetse chimene ankachita, ndipo kunena zoona mpaka lero sindimvetsa zonse. Ankakhala pansi pamzere wa sikelo pamodzi ndi amayi, atamanga chitenje mokhotakhota, akuphunzira kunena monire ndi yewo, moni ndi zikomo wa kumeneko. Za chidikiro osafunsa n'komwe. Ankafunsa kuti mwadzuka nthawi yanji, mwadzera kuti, mwana mwamusiyira ndani. Tsiku lina ndinamupeza atagona chagada pa bedi la m'chidikiro akuyang'ana kudenga. Tsiku lina analowa m'bafa, n'kutulukamo, n'kulowanso, osasamba. Ndinauza mlangizi kuti atitumizira munthu wodwala mutu, ndipo posachedwa tikhala ndi odwala awiri, iyeyo ndi ine.

Madzulo ena ndinamufunsa monyoza kuti wapeza chiyani.

“Sindikumvetsa,” anatero. “Amayi onse akuti nyumbayi ndi yabwino. Akuti abwera. Ndipo sakunama, nkhope zawo zikuoneka kuti amaifuna.”

“Mayo ine! Ndiye katswiri nayenso wasokera?”

“Ndasokera ndithu. Koma pali kanthu kamodzi. Amayi a kutsidya akamachoka ku sikelo sadzera njira yachidule yodutsa pa chidikiro. Amazungulira kuseri kwa tchalitchi, ndi mimba zawozo, dzuwa likuswa mtengo. Chifukwa chiyani?”

Ine sindinadziwe. Zaka zonsezo ndinali ndisanazionepo n'komwe. Tinafunsa mlangizi, iye anayang'ana kumbali n'kuti njira ya kuseriyo ili ndi mthunzi. Mayi uja anati wayendamo kale, mulibe mtengo ngakhale umodzi.

Ndiye anapempha chinthu china chodabwitsa. Anati tonse tipite kutsidya, tikamupemphe mayi wanga uja kuti atitsogolere kuchokera pakhomo pake mpaka pa chidikiro, atasenza katundu wake monga mmene angabwerere tsiku lenileni. Ife tizikangotsatira pambuyo, osayankhula, osamuwongolera. Adada anati bondo lawo silingawalole, atidikira pabenchi. Mayiyo titamufotokozera, anafunsa kangapo ngati tikufuna kukamusiya komweko. Titamutsimikizira kuti ayi, angotionetsa njira, anavomera.

Tinanyamuka m'mawa. Iye patsogolo, beseni pamutu, muli ufa, kapoto ndi zitenje. Ankayenda bwino kuposa tonsefe. Pamtsinje anakwinya chitenje n'kuwoloka osagwedezeka, pamene wa zomangamanga anavula nsapato zake zija n'kumaponda miyala akubuula. Tinakwera chitunda, tinadutsa m'minda imene anthu anali atalima kale mizere kudikira mvula. Ine mumtima ndinkangoti, taonani, palibe chovuta chilichonse, tikungotaya nthawi.

Tinafika pa mphambano ya pafupi ndi tchalitchi, pamene njira imakhota ndipo chidikiro chimaonekera. Mayiyo anaima. Mayi wa ku Lilongwe anamukodola kuti apitirize njira yachidule. Anayenda pang'ono, kenako mwadzidzidzi anapatuka, n'kulowa m'udzu, n'kutula beseni, n'kugwada atafulatira chipatala, chitenje atachikokera kumutu.

Ndinathamanga ndikukuwa kuti matenda ayamba, ndinamugwira pamimba, ndinamufunsa kuti pakupweteka pati. “Yayi, anesi,” ananong'ona, kukana. Wa zomangamanga anali atatola kale mwala, akufunafuna njoka. Mlangizi anangoima pamsewu manja ali m'thumba, akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

“Tayang'anani uko,” anatero mayi wa ku Lilongwe chapansipansi.

Ndinadzutsa mutu. Pakhomo la chidikiro, adada anali ataimirira pa benchi lawo, atatembenukira kukhoma, chipewa chili m'manja. Uku mayi wagwada wafulatira, uko mkulu waima wafulatira, pakati pawo bwalo losesedwa bwino. Palibe amene ankasuntha. Patapita kanthawi mayiyo anasenza beseni lake, akali chowerama, n'kubwerera pa mphambano, n'kulowera njira ya kuseri kwa tchalitchi.

Ndinamugwira mlangizi pamkono. “Achimwene, tandiuzani. Chimenechi n'chiyani?”

Anati kwawo kuno mkamwana saonana maso ndi atatavyala, ndiwo apongozi aamuna. Sadutsa pamaso pawo, sadya iwo akuona, ngakhale dzina lawo salitchula. Nanji kugona m'nyumba imene iwo akhala pakhomo, kutuluka ndi ndowa kupita kubafa ali ndi mimba yaikulu, zimenezo n'zosayerekezeka. Ndipo si mkazi wa mwana wawo wobereka yekha ayi. Akazi a ana a abale awo onse ndi akamwana awo, ndipo midzi ya kutsidya yadzaza ndi mtundu wa adada.

Kwathu nakonso upongozi ulipo. Ndinakula ndikuona akamwini akupatuka m'njira akaona amayi a mkazi wawo. Koma kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, wothawa amakhala iyeyo mlendoyo, ndipo masiku ano ena amadya ndi apongozi awo mbale imodzi. Sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi kuti mwambo ungalowe pa bwalo la boma, pamene pali mtanda wofiira ndi sola padenga.

“Ndiye inu munkadziwa?” ndinakuwa, ndikumuyang'ana mlangizi.

“Mwambowo ndimaudziwa, anesi, ndinabadwira momwemo. Koma sindinkauika pamodzi ndi chipatala. Kapena ndinkauika, kaya. Mtima unkandiuza, ine n'kumaukaniza.”

“Mkazi wanu anagonamo m'nyumbamu?”

“Ayi. Adada ndi akulu awo a bambo anga.”

“Koma abale! Nanga pa chimkuzamawu paja munkalengeza chiyani?”

“Anesi,” anatero, maso atafiira, “ine ndiime pamaso pa adada, ndinene kuti chokani pa nyumba imene munamangira mwana wanu? Pakamwa panga pomwe pano?”

Ukali wanga unathera pomwepo, m'malo mwake munalowa mantha. Wa zomangamanga anadumphira pa ntchito yake, anati aboola khomo lina kuseri, nkhani yatha. Ine ndinati tipeze mlonda wina mwakachetechete, adada tiwauze kuti boma latumiza munthu wake. Mayi wa ku Lilongwe anapukusa mutu. Anakumbutsa wa zomangamanga kuti bafa ndi khichini zili moyang'anana ndi benchi, khomo la kuseri silibisa munthu wopita kukasamba. Anatinso mwina tikulakwitsa, zimene taona kwa mayi mmodzi sizikwanira.

Tsiku la sikelo lotsatira anakhalanso pamzere paja. Sanatchule adada. Anangofunsa kuti, pakhomo la nyumba ija patakhala mayi mnzanu m'malo mwa mwamuna, mungagonemo? Amayi anayang'anana, n'kuyamba kuseka atagwira pakamwa. Mmodzi wachikulire anati, “Enya,” ndipo enya ameneyu sanali ngati uja ankandipatsa ine. Anatuluka ndi mpweya wonse.

Pamenepo mpamene ndinakangana naye koopsa mayi wa ku Lilongwe uja. Anati chiganizo chathu chija tikachilembe adada ali pomwepo, chifukwa nawonso ndi a m'gulu lathu.

“Mukufuna kumupha mkuluyu?” ndinatero. “Inu mukwera njinga yanu mubwerere ku Lilongwe. Ife titsala naye.”

“Mukamuchotsa mobisa adzafunsa chifukwa,” anayankha. “Mudzamunamiza mpaka liti? Ndipo akadzabwerera pabenchipo mawa lake, poti amaikonda nyumbayi, mudzatani?”

Ndinamuuza kuti alibe chisoni. Anati mwina n'zoona, koma iye sakuona njira ina yosamuchititsa manyazi koposa. Ndinachoka ndikung'ung'udza, osadziwa kuti wolondola ndani. Kumapiri kunkagunda, mphepo ikununkhira dothi lonyowa.

Tinakumananso m'chipinda chija. Timapepala tathu takale tinali tikadali pakhoma, tina titayamba kumatuka. Mayi uja anati lero asanene wina zimene akuganiza, aliyense anene zimene anaona ndi maso pa ulendo uja. Wa zomangamanga anati anaona kuti mtsinje unawolokeka. Ine ndinati ndinaona mayi akugwada m'udzu. Mlangizi anati sanaone kanthu, ankayang'ana pansi. Otsala anali adada.

Anazunguza chipewa pa bondo.

“Ine ndinaona mkamwana wanga,” anatero. “Ndipo si koyamba. Chimangireni nyumbayi ndakhala ndikuwaona akufika pa mphambano paja, wina ndi beseni, wina ndi mtolo. Akandiona amagwada. Ine mumtima ndimati, awa ndiwo ana oleredwa bwino, n'kutembenukira kukhoma kuti adutse. Ndikacheuka, palibe munthu. Ndimati apita ku sikelo. Dzana lija ndinacheuka msanga. Ndinamuona akubwerera.”

Ine misozi inali itayamba kale, ndipo ndinkadzikwiyira chifukwa cha misoziyo.

“Mwana wanga,” anatero adada kwa mayi uja, “chiganizo chanu chija lembani. Lembani kuti amayi a kutsidya sangagone, sangaphike, sangasambe pamene atatavyala awo akuwaona. Lembani zilembo zikuluzikulu, maso angawa aone.”

Mayi uja analemba pa pepala lalikulu. Atamaliza anati tsopano lamulo lija latha, aliyense akhoza kunena njira. Anayamba ndi adada omwewo. Anafunsa wa zomangamanga ngati angazungulize mpanda wa udzu, wautali kuposa munthu, kuti azibambo ena odutsa asamaonenso m'kati. Iye anavomera, n'kuwonjezera kuti khomo la mpandawo aliyang'anitsa ku njira ya kuseri kwa tchalitchi, imene amayi anaizolowera kale. Mlangizi anati akapempha amayi a mvano kuti azisinthana kukhala pakhomo. Ine ndinati ndikawauza amayi pa sikelo, ndipo ndinalonjeza kuti sindikalipa.

Kenako adada anatuluka, n'kuwerama, n'kunyamula benchi lawo. Mlangizi anathamangira kuti awalandire. “Leka,” anatero adada. Analikoka okha, akutsimphina, kudutsa bwalo limene ankasesa, kuwoloka msewu, mpaka pakhonde la chigayo. Analiika moyang'ana kumapiri, msana kuchidikiro. Pamene panali benchi paja panatsala timaenje ta miyendo yake m'dothi.

Mayi wa ku Lilongwe anachoka mpanda usanathe n'komwe. Potsanzikana ndinamufunsa kuti ku ofesi kwawo akanena kuti wachita chiyani, poti mpanda ndi wa adada, khomo ndi la wa zomangamanga, alonda ndi a mlangizi. Anaseka n'kuti akanena kuti anafunsa mafunso. Ndinamupatsa nyemba m'kathumba, ndipo sindinamupepese, ngakhale ndinkafuna. Mpaka lero anthu akandifunsa kuti dizayina amagwira ntchito yanji, ndimayamba kufotokoza n'kusokonezeka pakati.

Mpanda utatha tinadikira. Tsiku loyamba palibe anabwera, lachiwirinso chimodzimodzi, ndipo ine ndinayamba kutukwana mumtima kuti tamupweteka mkulu uja pachabe. Kenako masana ena ndikutuluka m'chipinda chochirira, ndinaona beseni likuyenda pamwamba pa udzu kunjira ya kuseri kwa tchalitchi. Anali mayi wanga uja, mkamwana wa adada, ndipo pambuyo pake panali anzake awiri. Analowa pa khomo la mpanda ali chiimire, osawerama.

Mvula inagwa sabata yomweyo, yamphamvu, ndipo mtsinje unadzaza mpaka kukokolola mizere ya m'mbali. Matenda ake anayamba m'mawa wina kukuwaza. Anachira masana, mwana wamkazi. Magazi anayambanso monga poyamba paja. Koma ulendo uno mankhwala anali pafupi, diripi inali pafupi, manja anga anali pomwepo. Tinalimbana nawo mpaka anasiya. Nditaona kuti milomo yake yayamba kubwerera mtundu, ndinakhala pansi pa simenti ndi yunifolomu yanga yomwe, osasamala.

Nditapezako mphamvu ndinafunda chitenje n'kuwoloka msewu. Adada anali pakhonde la chigayo, madzi a padenga akuwadonthera pa phewa. Anamva mapazi anga koma sanacheuke, poti kucheuka kukanawayang'anitsa kuchidikiro.

“Monire, adada.”

“Yewo, anesi. Ali moyo?”

“Onse awiri, adada. Mdzukulu wanu ndi wamkazi.”

Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. Mapewa awo ankagwedezeka, ine ndinayang'ana kumbali. Kuseri kwa mpanda nkhani inali itafika kale. Amayi anali atachuluka masiku amenewo, ena akugona pamphasa, ndipo tsopano nthungululu zinali pakamwa, wina akumenya beseni, ena akukanganirana malo pa khichini, phokoso lokhalokha.

“Anesi,” anatero adada, “phokosoli likuchokera m'nyumba muja?”

“Eya, adada. Pepani, ndikawauza achepetse. Ndi pachipatala pano.”

Ananditambasulira dzanja chakumbuyo, osatembenuka, n'kundigwira pa chitenje.

“Yayi,” anatero. “Musawaletse. Ine sindidzaiona itadzaza. Ndisiyeni ndiimve.”